Buku la Marx lazunguza mitu pa Thyolo boma

Sabata ino pa Thyolo boma anthu aiwala za mvula ndi mtengo wa feteleza. Nkhani ndi ya buku. Mnyamata wina wa ku yunivesite ku Zomba wabwera kutchuthi ndi Das Kapital ya Karl Marx, chibuku chonenepa ngati njerwa, n'kuchiiwala pabenchi m'tiyirumu. Pofika madzulo chinali chitadutsa m'manja ambiri.

Oyamba kuchitsegula anali aphunzitsi ena opuma ntchito. Iwo amati nthawi ya Kamuzu ukapezeka ndi buku lonunkha chikomyunizimu unkagona kupolisi, moti akhala zaka zonsezi akulilakalaka. Anavala magalasi, anawerenga masamba anayi, anatseka. "Boma linkangodzivutitsa kuliletsa," anatero. "Bukuli limadziletsa lokha."

Sananame. Minga ili pakhomo penipeni. Marx, amene anatulutsa gawo loyambali mu 1867, amayamba ndi kufunsa chimene chimachititsa kuti nsalu ya mayadi 20 ilingane mtengo ndi jekete limodzi, ndipo amazungulira pajeketepo mpaka wowerenga chizungulire. Kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina anatsala pang'ono kubweza bukulo pamene anaona kuti pamndandanda wa zinthu zolingana mtengo ndi nsaluyo palinso mapaundi 10 a tiyi. Anasolola cholembera kukhutu, n'kuwasandutsa makilo anayi ndi theka. Kenaka anakwinya nkhope: "Ameneyu akunena tiyi wouma kapena masamba aawisi? Pajatu kilo imodzi ya wouma imadya makilo anayi kapena asanu a masamba." Mpaka lero akudikira yankho.

Mwini golosale wa pafupi ndi depoti ali mbali ya Adam Smith. Akuti buku lake la 1776 limakulandira bwino chifukwa limayamba ndi nkhani yooneka ndi maso: anthu 10 ogawana ntchito akupanga mapini 48,000 patsiku. Atafunsidwa kuti analimaliza liti, anayamba kupukuta kauntala. Zikumveka kuti anakanirira pamene Smith amasiya zonse n'kuyamba kulongosola za mtengo wa siliva kwa zaka mazana anayi.

Wakabaza wina akuti onsewa akuzunzika dala, poti kabuku kamene Marx analemba ndi Engels mu 1848 n'kopyapyala, ukhoza kukamaliza minibasi ya ku Limbe isanadzaze. Amene amadziwa minibasi za masana akuti ungakawerenge kawiri.

Koma amene anathetsa mkangano ndi mayi wina wothyola tiyi, amene analowa kudzagula sikono dengu lili kumsana. Mnyamata uja, atabwera kudzatenga buku lake, anayamba kuwafotokozera mfundo yaikulu: wantchito amabweza malipiro ake m'maola oyamba, otsalawo amagwirira mwini munda. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwanawe, makolo ako alipira fizi kuti ukamve zimenezo? Ubwere mawa mmamawa, ndikubwereke dengu."

Agogo ena amene anali phee pabawo anati zimenezo kuno zinali ndi dzina kale, thangata, ndipo bambo awo ankagwirira mzungu ntchito kuti angokhala pamalo pamene anabadwira, mpaka lamulo linathetsa mchitidwewo mu 1962. Apa mnyamatayo anadumpha, n'kutsegula mutu wonena za kutalika kwa tsiku la ntchito, pamene Marx akufotokoza za alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Danube ogwirira eni malo masiku aulere. Anatanthauzira ndime ziwiri m'Chichewa. Bawo inaima. Palibe anayasamula.

Marx mwiniwake ankalidziwa vuto la buku lake. Analembera mnzake Ludwig Kugelmann kuti mkazi wa Kugelmannyo ayambire pa mutu wa tsiku la ntchito uja, asalimbane ndi jekete lija. Aphunzitsi aja atamva izi anabwerekanso bukulo, ndipo akuti sakulibweza mwezi uno. Likadzafika kwa inu, tsegulani pa mutu womwewo, mutu 10.