Tsokonombwe Atatha Mtunda Anagona Kuti?

Makolo anatisiyira mwambi wakuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma nkhaniyo anaidula pakati. Sanatiuze komwe mkuluyu anagona atafika. Amene anamuonapo akudziwa kuti ndi chiwala chonenepa, chosadziwa kuuluka, chimene chimadumpha kamodzi n'kukhala duu, kenako n'kudumphanso chikakumbuka kuti chili paulendo. Ndiye mtunda wonsewo atautha, mawondo ataphwanya, mukuti anangolowa pansi pa tsamba louma monga mwa masiku onse? Ine ndikukana. Adzukulu ake amadutsa muno mu Mzuzu chaka ndi chaka, ndipo komwe amathera ndikukudziwa. Amathera kuhotela.

Adzukuluwo ndi alendo aja obereka zikwama zotalika kuposa eni ake. Njira yawo siisintha. Amalowera pachipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania, n'kudutsa Karonga pa minibasi, n'kutsika pa Chitimba. Apo amayang'ana phiri, amafunsa mtengo wa galimoto yopita ku Livingstonia, akaumva amamanga zingwe za nsapato n'kuuyamba wapansi. Msewu wa Gorodi uli ndi makona pafupifupi 20 opinda ngati chigongono. Dr Robert Laws, amene anakhazikitsa mishoni pamwambapo mu 1894, anali ndi chifukwa chomveka chokwerera phirilo, pakuti ankathawa malungo a m'mbali mwa nyanja. Awa amalikwera pothawa kulipira. Akaona mathithi a Manchewe amatsika, kubwera ku Mzuzu kudzatapa ndalama kubanki, kenako ulendo wa ku Nkhata Bay kukadikira Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Za chipinda cha m'sitima musawauze. Amagona pamwamba, chikwama chili kumutu, mwera ukuwalowa m'mafupa.

Ulendo wonsewo munthuyu amakhala pankhondo ndi kwacha iliyonse. Wakabaza, amene kuno timamutcha wa Sacramento, akatchula mtengo, mlendo amatulutsa foni, amawerengera, n'kupukusa mutu. Mawu oyamba amene amaphunzira m'dziko muno ndi akuti "mwadulitsa", ndipo "yewo" amabwera pambuyo. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola yake inanenepa iye ali mtulo, koma mayi wogulitsa nthochi padepoti amamupanikizabe mpaka amuikire basera. Amadya chipisi cha pachiwaya, mandasi ndi usipa, ndipo akafika kwa Atonga amayesako kondowole n'kunamizira kuti wamukoma.

Kenako usiku womaliza umafika, ndipo munthu yemwe uja wokangana ndi mayi wanthochi amatulutsa khadi la kubanki osaphethira. Pachilumba cha Likoma chizolowezichi anachimangira nyumba. Kuli Mango Drift, malo a ogona m'matenti ndi m'zipinda zogawana, ndipo kamtunda pang'ono pagombe lomwelo kuli Kaya Mawa, komwe usiku umodzi amawerengera madola mazanamazana. Tsokonombwe safunikanso minibasi pamenepo. Kudumpha kumodzi kokha, wafika.

Matendawa ndinkawaona ngati a azungu mpaka pomwe analowa m'banja mwathu kuno ku Mzilawaingwe. Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wophunzira bwino ndiponso waulemu, anasunga ndalama kwa miyezi n'kupita ndi anzake kukazungulira njira yomweyo. Anagona m'tenti yobwereka, anagona pabenchi, ndipo paresitihausi ina imene sinditchula dzina anagawana bedi ndi nsikidzi zomwe zinamulandira ndi manja awiri. Tsiku lobwerera anatsika padepoti ya Mzuzu dzuwa likadalipo. Kuchokera pamenepo kufika pakhomo pa mayi ake ndi ulendo wa kabaza wosatopetsa n'komwe wopalasa. Mnyamata anaimba foni kuti afika mawa, lero agona kuhotela.

Mlongo wanga anayamba wafunsa ngati mwanayo wamangidwa. Atamva kuti ali bwinobwino, anakwiya kuposa mmene akanakwiyira akanakhala kuti wamangidwadi. "Iwe, bulangete lako ndachapa, madzi ali pambaula, nyemba zapsa. Ukukalipira bedi m'tauni yako yomwe, ngati kwanu kwagwa maliro?" Foni anandipatsira ine kuti ndimulankhule monga malume. Yankho lake linali lofatsa. "Amalume, ulendo sutha chifukwa choti munthu wafika. Umafunika kuutseka." Ndinafuna kumufunsa kuti ndani anamuuza kuti ulendo uli ndi chitseko, koma mayunitsi anali a mayi ake.

Zimene zinachitika kuhotelako anandisimbira yekha, monyadira, ndipo n'zimene zinanditsimikizira kuti tsokonombwe sasiya kudumpha ngakhale umuike pa kapeti. Mlonda wa pageti anayamba wayang'ana nsapato zake, zimene zinali zitanyamula dothi la maboma atatu, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma. Mtsikana wolandira alendo anati "Tikuthandizeni, bwana?" koma "bwana" wakeyo anatuluka mochedwa, atamuganizira kaye. Ndalama zitaoneka, zonse zinawongoka. Mnyamata wina anathamangira kudzanyamula chikwama, ndipo mphwanga anachigwira zolimba, pakuti milungu yonse ija aliyense wokhudza chikwamacho ankafuna kenakake.

M'chipinda anayamba n'kusamba. Atatuluka anaona kuti madzi otentha sanathe, choncho anabwereranso. Kenako anakhuthula chikwama n'kuchapa zovala zonse musinki ndi kasopo ka hotela, n'kuziyanika pamipando, pachitseko cha bafa ndi pamwamba pa wailesi yakanema, mpaka chipinda chodula chija chinasanduka kuseri kwa nyumba ya ku Chiputula tsiku Loweruka. Anatsegula kafiriji ka pakona, anaona timabotolo tozizira, anawerenga pepala la mitengo, n'kutseka pang'onopang'ono kuti timabotoloto tisamve. Chakudya chamadzulo anadya mabanzi amene anagula padepoti, atakhala pabedi la anthu atatu.

Vuto lalikulu linali tulo. Iye anawerengera kuti akagona, ndalama zake zipita iye osaziona. Munthu wamtulo sadziwa ngati ali pamatiresi a hotela kapena pamkeka, ndiye kulipira zochuluka chonchija kuti ukomoke maola asanu ndi atatu n'kutaya chuma. Anakhala maso. Anayatsa nyale iliyonse n'kuizimitsa, anayesa mapilo onse, anajambula thaulo lopindidwa mwaluso n'kuliponya pa Facebook, anayenda opanda nsapato uku ndi uku kuti mapazi nawonso adyerere. Tulo tinamugwira m'bandakucha, ali pampando.

Kadzutsa ndiye anali nkhondo yobwezera. Atamva kuti ndi kudzitengera wekha ndipo analipiriratu, anadya za tsikulo, za dzulo, ndi za masiku onse amene anagonera chimanga chootcha. Mazira, masoseji, phala, zipatso, khofi wa Mzuzu makapu osawerengeka. Anatuluka m'chipinda nthawi yotulukira itatsala mphindi zochepa, m'thumba muli timasopo ndi dzira lowiritsa la mayi ake.

Mlongo wanga analandira dziralo, koma masamu ake sanasinthe. Iye amayeza chilichonse ndi matumba a makala, ndipo usiku umodziwo anauwerengera kuti ukanaphikira nyumba yonse kwa nthawi yaitali. Masamuwo ndi oona, sindingawatsutse. Komabe pankhaniyi ine ndili kumbali ya mnyamata, ngakhale sindinanene pamaso pa mayi ake. Amene anasambapo madzi a m'beseni m'mawa wa June kuno ku Mzuzu, chifunga chitaphimba mpaka mpanda wa aneba, kamvula kowaza kakugwa kosalekeza, akudziwa kuti kukoma kwa madzi otentha kumachokera ku kuzizira kumene unakumana nako dzulo. Mphwanga sanalipire bedi lokha. Analipira kusiyana kwa bedilo ndi benchi la padoko, ndipo kusiyanako anakugwirira ntchito ndi msana wake. Chofunika n'chakuti hotela ibwere kumapeto. Woyamba ndi hotela n'kumalizira pamwamba pa Ilala amakhala akulira njira yonse, ndipo nsikidzi iliyonse amaitenga ngati chipongwe.

Umboni wake uli m'mahotela momwemo. Pitani ku Sunbird Mzuzu kapena ku Grand Palace mkati mwa sabata, mukapeza anthu a misonkhano, ovala mabaji pakhosi, amene hotela anaizolowera mpaka saionanso. Amadandaula kuti tiyi wachedwa, kuti intaneti ikukoka, kuti nkhuku ndi yomwe ija ya dzulo. Madzi otentha omwe analiza mphwanga misozi iwo sawatchula n'komwe.

Ndipo pakati pa anthu a misonkhanowa pali mtundu wina wa tsokonombwe, wodumpha chobwerera m'mbuyo. Uyu walandira alawansi yogonera, ndalama yokwanira chipinda chabwino, koma akaiyang'ana amaona malata a nyumba imene akumanga kumudzi. Msonkhano ukatha madzulo amadikira anzake abalalike, amavula baji, n'kuzemba kupita kukasaka karesitihausi kotchipa m'makomboni mwathu muno, kapena kukagogoda kwa msuweni amene sanamuimbire foni chaka chonse. M'mawa amabwerera kuhotela tayi ili pakhosi, nkhope ili gwa, n'kumagwedeza mutu pa nkhani ya chitukuko kwinaku akukanda mkono mobisa.

Madzulo amene mphwanga ankalowa pageti la hotela ndi chikwama chake chafumbi, bwana wina wotere ankatuluka ndi kachikwama ka laputopu. Wa Sacramento amene anatsitsa mnyamatayo sanabwerere chabe, ananyamula bwanayo kupita naye ku Mzilawaingwe. Onse awiri anamunenerera mtengo.