Uthenga wa Abishola unafika mochedwa

Loweruka masana ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Amene anafikako akudziwa kuti m'tauni imeneyi Chichewa sumalankhula motayirira, chifukwa amene ukumujedayo mwina ali kuseri kwa shelefu. Ndinali m'kasitolo kena ka zakudya za ku Africa, kaja mumapezamo ufa, nsomba zouma ndi mafuta ofiira a anzathu a ku Nigeria. Kumbuyo kuli kachipinda kolukira tsitsi, chitseko chake sichitsekedwa. Pakhoma chi-TV chikuyaka, mawu anatsitsa, ndipo palibe akuchiyang'ana.

Pampando pakhala mayi wina, yunifolomu ya kuntchito ikadali m'thupi, nsapato wavula. Mutu waupereka kwa wolukayo, maso ali pafoni, akuseka mpaka mapewa kugwedera. Mtsikana wolukayo akuubweza mutuwo ndi chala chimodzi.

"Anti, khazikikani, mzere ukhota."

"Pepa mwanawe, ndi Abishola uyu, andipha ine. Kodi sizoni yatsopano ituluka liti?"

Pakhomo paima mnyamata, mwana wa mchemwali wawo, thumba la ufa paphewa, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala.

"Anti, imene ija inatha kalekale. Meyi 2024."

"Wati chiyani?"

"CBS inaitseka."

"Iwe, usandinamize. Dzulo lomweli ndaonera pa bureki."

"Mwaonera tizidutswa ta pa Facebook."

Apa ndinayamba kuwerenga mitengo ya zinthu zimene sindinkafuna kugula.

Kwa amene simunalionepo, Bob Hearts Abishola ndi sewero loseketsa limene CBS inayamba kuonetsa mu 2019. Bob ndi mzungu wa ku Detroit wa geni ya masokosi, wadwala mtima, ndipo m'chipatalamo wagwa m'chikondi ndi nesi wochokera ku Nigeria. Billy Gardell ndiye Bob, Folake Olowofoyeku ndiye Abishola. Mmodzi wa olikonza ndi Gina Yashere, wanthabwala wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, n'chifukwa chake azakhali a m'seweromo amalowerera nkhani za ukwati wa eni ake ndendende mmene mumawadziwira. Linatha ndi magawo 95.

Mayi aja anaika foni pamwendo chafufumimba. "Koma abale. Osatiuza n'komwe? Chinthu chokoma ngati chimene chija, analakwa chiyani mwana wa eni?"

"Sanalakwe, anti. Ndi masamu."

"Masamu a chiyani? Anthu sitimaseka?"

Bambo wina amene ankasankha nsomba mufiriji anadzutsa mutu. Ndevu zaimvi, chipewa cha Notre Dame, foni ya Uber ikulira m'thumba koma sakuisamala. Anayandikira nsomba ili m'manja.

"Achemwali, TV ya kuno inatha. Ine ndinafika Seinfeld akutsanzika, 1998. Linali Lachinayi usiku. M'mawa mwake kuntchito aliyense nkhani inali yomweyo, bwana ndi wokolopa yemwe. Ine nthabwala zake sindinkazimva, koma ndinkagwedezera mutu kuti ndisaoneke mlendo."

"Ngati Tikuferanji kwathu," anatero mayi aja. "Nyumba imodzi ya TV, laini yonse pamkeka."

"Eya. Ndipo Manganya wa m'seweromo mukudziwa kumene anakafika."

Onse anaseka, nkhani ya ndale n'kuisiya pomwepo.

Madalawo sananame. Usiku umene Seinfeld inatha anaonera anthu 76 miliyoni. M*A*S*H potsanzika mu Febuluwale 1983 inasonkhanitsa oposa 105 miliyoni, pamene mawailesi a kanema akuluakulu anali atatu okha, ABC, CBS ndi NBC. Friends mu 2004 inapeza 52 miliyoni. Pofika 2019, The Big Bang Theory, imene inali shasha ya masewero oseketsa nthawi yake, inatseka ndi anthu 18 miliyoni, ndipo ku CBS kunali chisangalalo. Anthu sanasiye kuseka, anangobalalika. Kampani ya Nielsen, imene imawerenga oonera, inalengeza kuti mu Meyi 2025 zoonera pa intaneti monga YouTube ndi Netflix zinatenga 44.8 peresenti ya nthawi imene anthu a ku America amakhala pa TV, kuposa mawailesi akale ndi a kebulo kuwaphatikiza pamodzi. Mawailesi akale paokha anatsala ndi 20 peresenti.

Mnyamata uja anatsitsa thumba la ufa. Zinaoneka kuti mpata wophunzitsa akuluakulu samaupeza kawirikawiri.

"Nkhani ndi iyi. CBS sigulitsa sewero kwa inu. Imagulitsa inuyo kwa otsatsa malonda. Meyi aliyense amakumana ku New York, wailesi iliyonse imaonetsa zimene idzaulutse, makampani n'kugula malo pasadakhale. Sewero limene palibe pandandanda umenewo, basi lapita. Ndipo otsatsawo amalipira kwambiri anthu a zaka 18 mpaka 49."

"Mpaka zingati?"

"49."

Mayi aja anatembenuka mwamphamvu, ulusi n'kupulumuka m'manja mwa wolukayo. "Ndiye ine wa 52 ndine mzukwa? Amene ndimalipira mabilu m'nyumba muja ndani? Iweyo wa 18 mpaka 49 mafuta a galimoto umapempha kwa yani?"

"Amati inu munasankha kale sopo wanu, simusintha."

"Zoona zimenezo," anatero madala aja, akusisita ndevu. "Ine Colgate ndinayamba ku Zomba."

Pa TV paja, mwakachetechete, panali pakudutsa agogo awiri atagwirana manja m'mbali mwa nyanja, kutsatsa mankhwala a mafupa. Palibe anaona koma ine.

Ndinaima n'kumaganiza za Lolemba. Sewero la Abishola linkaulutsidwa Lolemba hafu pasiti eyiti usiku. Nthawi imeneyo mayi ngati awa, ndi anzawo ambiri a ku Malawi, ku Nigeria, ku Kenya amene amagwira m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, amakhala akugawa mankhwala kapena kutembenuza wodwala. Anthu amene ankadziona mwa Abishola anali pantchito ya Abishola yomweyo. Amene anakhala pansi n'kuonera pa nthawi yake mwina ndi agogo amene iwo ankawasamalirawo, ndipo amenewo otsatsa sawawerengera kwenikweni. Nielsen imatenga chitsanzo panyumba zopitirira 40,000 m'dziko lonselo, ndipo wojambulira sewero n'kuonera pasanathe masiku atatu kapena sabata amalowabe m'kaundula. Koma kachidutswa ka mphindi ziwiri koonera m'kachipinda kodyera, foni itatsamira kontena ya nsima, sikabweretsa malonda aja amene CBS inagulitsa mu Meyi. Mayiwa anakonda sewerolo ndi mtima wonse, kwa zaka, koma m'mabuku a eni ake sanalembedwemo.

"Komanso silinali lawo," mnyamata anapitiriza. "Eni ake ndi Warner Bros. CBS inkangobwereka."

Apa mpamene pali fupa la nkhani. Sewero likamakula, osewera amakweza mtengo. A Friends pomaliza ankalandira 1 miliyoni ya madola aliyense pa gawo limodzi. Phindu lenileni limabwera pambuyo, magawo akachuluka, kale ankati 100, n'kumagulitsidwa kwa mawailesi ena kuti azibwereza, kapena kwa a intaneti. Netflix inalipira ndalama zoposa 500 miliyoni za madola kuti itenge Seinfeld, sewero lotha kalekale. Ndalama zimenezo zimapita kwa mwini sewero. Wailesi yobwereka ili ngati munthu wa lendi amene akuuzidwa kuti amange khonde: akasamuka, khondelo n'la landilodi. N'chifukwa chake ABC inataya Last Man Standing mu 2017 ili ndi oonera ambiri, Fox imene situdiyo yake inkalipanga n'kulitola. Chaka chotsatira Fox nayo inataya Brooklyn Nine-Nine, ndipo m'mawa mwake NBC inalitenga, poti situdiyo yolipanga ndi ya banja la NBC. Kwa Abishola zizindikiro zinaoneka msanga. Sizoni yomaliza, imene inafupika kufika magawo 13 olemba ndi osewera atanyanyala ntchito mu 2023, osewera okhazikika anatsala awiri okha. Ena onse ankangoitanidwa apo ndi apo kuti ndalama zichepe.

"Ndiye chifukwa chake Anti Olu ankasowasowa!" Mayi aja anaomba m'manja kamodzi. "Ine ndinkati adwala."

"Anawaika pa ganyu," anatero madala.

Mwini sitolo anatulukira ndi rimoti, n'kusintha kupita ku NBC. Zipewa zagolide zinadzaza khoma lonse. Timu ya mpira wa ku America ya Notre Dame inali pakhomo, bwalo lake lili chapafupi pomwepo, ndipo NBC yakhala ikuonetsa masewero ake a pakhomo kuyambira 1991. Mawu anakwezedwa. Madala anaiwala nsomba pakauntala, mnyamata anakhala pathumba la ufa, ngakhale wolukayo anayamba kuluka akusuzumira. Mpira wa manjawu ndi umene watsala wogwira anthu pa nthawi imodzi: mwa mapulogalamu 100 oonedwa kwambiri ku America mu 2023, okwana 93 anali a ligi ya NFL. Chigoli sungachisunge kuti udzaonere Lachitatu pa bureki, anzako akuuza kale. Mawailesi akudziwa, ndipo ndalama zawo zikuthamangira komweko.

Mayi aja okha mpirawo sunawakhudze. Anakoka mnyamatayo malaya.

"Ndiye anakwatirana n'kukhala bwinobwino, kapena mzunguyo anabwerera ku matenda ake?"

"Ndisakuuzeni, mukaonere nokha. Magawo onse alipo pa app, koma ndi yolipira."

"Zingati?"

Anawanong'oneza.

"Pamwezi? Asa! Achimwene, inu muli nayo imeneyo?"

Madala sanachotse maso pa TV. "Pasiwedi ali nayo ndi mayi a kunyumba."

"Ndiwaimbira ndekha. Tinayimba limodzi kwaya ku Chigumula amene aja, sangandimane."