Kalumo kakuthwa kofuna kutchaja

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ananena zoona, kungoti m'masiku awo malumo sankatha batire.

Tchuthi chino, mwera uli pachimake, ku Senga Bay kwafika alendo a mtundu wina: ana a kuyunivesite amene akuphunzira kusonkhanitsa nkhani za umoyo pa foni. Mmodzi ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo kalumo kake ndi tabuleti.

Kuthwa kwake tisakane. Lero mlangizi wa zaumoyo amalemba mwana wodwala malungo mu iCHIS, pulogalamu yomangidwa pa DHIS2 ya ku yunivesite ya Oslo, ndipo netiweki ikalola, chiwerengerocho chimafika ku Lilongwe iye asanakwere njinga. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimayankha mayi woyembekezera akangoimba foni. Kale zonsezi zinkadikira kaundula wonyowa ndi mvula.

Vuto ndi lakuti mwambiwo sunanene kuti mlendo amadziwa mutu woti amete.

Mtsikana wathu anafika pagombe 9 koloko m'mawa kudzafunsa asodzi za likodzo. Anapeza maukonde a chilimira, usipa pathandala ndi agalu. Asodzi, amene anachezera panyanja ndi nyali, anali mkonono basi. Mlangizi, bambo amene wapalasa njinga m'midzi imeneyi mtsikanayo asanabadwe, anangoti, "Mwanangu, msodzi safunsidwa za mkodzo m'mawa. Komanso safunsidwa pamaso pa apongozi ake." Zimenezo mu pulogalamu mulibe.

Kenako anakumana ndi agogo ena akusoka ukonde.

"Agogo, munabadwa liti?"

"Chaka chimene Kamuzu anabwera."

Mwana wophunzira, anawerengera msanga: 1958. Koma tabuleti inafunanso tsiku ndi mwezi, apo ayi siipita patsamba lotsatira. Agogo anaiyang'ana kwa nthawi, nkufunsa ngati makinawo akufuna kudzawagulira mphatso.

Pofika masana batire inali itatha. Izi zikuchitikira m'boma limene lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, otsegulidwa mu 2021. Kalumo kathu kanakagona pashelefu ya wometa tsitsi, pamzere ndi mafoni a asodzi, kudikira kutchajidwa molipira. Ntchito inapitirira ndi bolopeni ya mlangizi, imene amaisunga kukhutu.

Ine sindili mbali ya amene amati zamakonozi nzachabe. Ambiri mwa iwo amanena zimenezo pa WhatsApp. Pempho langa likupita kwa inu okonza maphunzirowa: mwana asanakhudze kompyuta, ayambe wayenda sabata yathunthu pambuyo pa njinga ya mlangizi. Pa fomu muikepo malo a munthu amene amangodziwa chaka chokha. Ndipo chonde, m'chikwama chake musaiwale kuikamo power bank.