Atsibweni, diso langali mulipira

Magalasi a dzuwa akwera mtengo. Ndikunena aja amapachikidwa pa katoni mumsika, othyoka mwendo ukangoyetsemula. Mnyamata wogulitsa akuti vuto ndi dola, ndipo wakhala akuimba nyimbo yomweyi chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale fumbi la pa magalasi ake ena ndi la nthawi ya Bingu.

Sikuti ndikufuna kutchena. Pa diso langa lakumanja pamera kamnofu kofiirira, kochokera chakumphuno, kakukwawira pakuda pa diso mosafulumira. A dokotala akuti dzina lake ndi pterygium, si khansa, ndipo nthawi zina kamayenda m'banja. Ananena zambiri, koma ine ndinagwira pamenepo: m'banja.

Ife ndife Achewa. Mwana ndi wakuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Ukwati wanga anaimira ndi iwo, nkhuku anadya ndi iwo. Tsono katundu amene ndinabadwa naye akapezeka ndi vuto, ndikadandaule kwa yani? Ndawatumizira uthenga kuti akonzeke: magalasi, chipewa, ndi opaleshoni ikadzafunika.

Umboni ndili nawo. Kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV kukalowa m'diso kuchokera chakukhutu kumapindika n'kukaunjikana m'mphepete chakumphuno, ndipo katswiri wa maso wa ku Australia, Minas Coroneo, anaonetsa kuti pamenepo mphamvu yake imatha kuchuluka mpaka ka 20. Pomwepo ndi pamene pamakhala maselo okonzanso khungu la diso, ndipo DNA yawo imawonongeka. M'maselomo muli mlonda, dzina lake p53, ntchito yake kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane. Wangayo zikuoneka kuti ndi mlonda wa pagolosale: chibonga m'manja, tulo tofa nato. Iye ali mkonono, tizinthu tina ta m'thupi totchedwa MMP timadula njira, kena kotchedwa VEGF n'kuitana mitsempha ya magazi, kamnofu n'kuyamba ulendo. Ofufuza akuti anthu timabadwa mosiyana pa kakonzedwe ka DNA ikawonongeka. Mlondayo sindinamulembe ntchito ndine, atsibweni. Ndinamupeza.

Iwo ayankha kuti theka la DNA yanga ndi la bambo anga, ndikafunse kuchimuna. Munthu amene amakana kuti anthu anapita kumwezi, lero wadziwa DNA chifukwa pamveka ndalama. Awonjezera kuti wolakwa ndi dzuwa. Apa akunena zoona: kamnofu aka kamachuluka m'mayiko oyandikira equator, ndipo Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwake. Koma dzuwa lilibe Airtel Money. Ndipo ndani analetsa mwini mbumba kusamutsira mbumba yake ku Norway?

Chondiwawa n'chakuti kamnofu aka kamadziwa anthu ake. Kamapita kwa msodzi wa ku Mangochi amene dzuwa limamuwomba kumwamba ndi pamadzi pomwe, kwa mayi wolima, kwa wakabaza, kwa wogulitsa tomato pamsewu. Yemweyo akavala magalasi timamuseka kuti wayamba matama, kapena akubisa maso a kachasu, pamene bwana wa galimoto ya magalasi akuda timamuvulira chipewa. Ndipo pali khansa ya pa diso yofanana ndi kamnofuka poyamba, yofala kuno makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, koma ambiri amayamba adonthezamo mankhwala a zitsamba, kuchipatala n'kufika mochedwa.

A dokotala akuti akangokapala kamnofuka kamakonda kumeranso, choncho amasokerapo kachigamba kotengedwa pa diso lomwelo. Ndauza atsibweni kuti bajeti ikhale ya maulendo awiri.

Dzulo atsibweniwo anabwera okha kudzathetsa nkhani. Atakhala pampando n'kundiyang'anitsitsa, ndinaona timinofu tiwiri, diso lililonse kake. Ndisanatsegule pakamwa, anati mlanduwu aulandira, ndipo aupititsa kwa atsibweni awo, amene anatisiya chaka cha njala ya 2002. Akuti ndidikire yankho.