Alamu, Zidole za ku Joni Zimadya Kuposa Ana

Randburg,
Johannesburg.
3 Disembala 2023.

Okondedwa alamu,

Choyamba ndifunse moyo wanu, wa mlongo wanu amene ali mayi akunyumba kwanga, wa apongozi, ndi wa ana onse kumeneko ku Chipoka. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kutentha ndipo madzulo kukumagwa mvula ya matalala.

Musadabwe kuti ndalemba papepala mwachikale. Ndamva kuti uthenga wa mawu umene ndinakutumizirani pa WhatsApp munauika pa sipika kudoko, moti ngakhale amayi ogula usipa ochokera ku Lilongwe akudziwa ngongole zanga zonse. Pepala lilibe voliyumu.

Chithunzi cha mndandanda wa katundu wa Khirisimasi ndachilandira. Ndinayamba kuwerenga nditaimirira, pomaliza ndinali nditakhala pansi. Wachisamba akufuna drone ndi PlayStation 5. Mlongo wake akufuna wotchi yolumikizana ndi foni. Mzime, amene sanayambe n'komwe sitandade 1, akufuna kathabwa ka mawilo awiri koyenda kokha kaja amati hoverboard. Ndiye pansi penipeni, m'zilembo zimene ndikuzidziwa bwino, pali makina oonera nsomba pansi pa madzi ndi sipika yaikulu ya Bluetooth. Alamu, mwana wa zaka zisanu anayamba liti kuda nkhawa ndi utaka?

Ndikudziwa kuti kwathu ana ndi a malume, ine mkamwini ndine wongobwera. Koma ndaona kuti umwini wanu wa mbumba umathera polemba mndandanda. Ikafika nthawi yolipira, ana onse amasanduka anga. Palibe kanthu. Ingondilolani ndikufotokozereni za zinthu zimenezi, poti ine ndimakhala nazo tsiku ndi tsiku ndipo khalidwe lake ndikulidziwa.

Panyumba pamene ndimagwira ntchito tilipo antchito atatu: ine wa m'gadeni, mayi wina wa ku Zimbabwe wa m'nyumba, ndi kamakina kosesa, kobulungira ngati chivundikiro cha mphika wa pamaliro. Kameneka kamadzuka kokha 9 koloko, n'kumazungulira m'zipinda kakumeza fumbi, ndipo batire likatsala pang'ono kutha kamabwerera kokha pakona kukadzitchaja. Sikapempha malipiro, sikadwala malungo, ndipo apolisi sanakafunsepo pasipoti. Poyamba ine ndi mayi uja tinkakayang'ana ndi diso lofiira. Mtima unakhala pansi tsiku limene kagalu ka adona kanadzithandiza pakapeti. Mnzathu wosesayo anaigwira ntchito yake ndi mtima wonse, kupaka zinthuzo kuyambira pabalaza mpaka kukhitchini, osadumpha kona ngakhale imodzi. Okolopa anali anthu. Osambitsa makinawo analinso anthu. Choncho muuze mlongo wanu kuti ntchito yanga ikadalipo.

Wotchi imene akufuna mwana wathu wamkaziyo adona ali nayo. Imawerenga mapazi amene munthu waponda patsiku, ndipo akapanda kukwana 10,000 imanjenjemera pamkono kumukalipira. Nthawi zina usiku ndimawaona adona akuzungulira tebulo lodyera kuti akwanitse nambala yawo asanagone. Wotchi imeneyi itavalidwa ndi mlongo wanu, amene amapita kumjigo, kumunda, kudoko ndi kuchigayo dzuwa lisanafike paliwombo, ikhoza kupempha tchuthi pofika Lachitatu. Abwana nawo ali ndi njinga m'chipinda chawo yokhala ndi kanema kutsogolo. Amapalasa ola lathunthu, thukuta kamukamu, koma akatsika ali pomwepo. Anaigula ndi ndalama zambiri. Ndikawauza kuti ku Salima anyamata a kabaza amapalasa chimodzimodzi, amafika kumene akupita, ndipo amalandirapo ndalama, amaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi, alamu: m'nyumba muno ndinapezamo akwathu. Pabalaza pali chigalasi chachikulu cha madzi, ndipo m'katimo mukusambira mbuna, tinsomba ta m'miyala tija, ta buluu ndi ta chikasu, timene inu mukatipeza mu ukonde mumangotukwana. Mtundu wake ndi wa m'nyanja yathu yomweyi, ndipo mukudziwa kuti ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay, akhala akutumiza nsomba zoterezi kunja pa ndege kwa zaka zambiri. Kuno zili ndi makina otenthetsera madzi, magetsi osintha mitundu, ndi kabokosi kowagwetsera chakudya pa nthawi yake, zonse zoyendetsera pa foni. Mu Juni, ine ndikunjenjemera m'mabulangete awiri kuchipinda cha kuseri, akwathuwa amakhala akusambira m'madzi ofunda. Tonse ndife a ku Salima, koma iwowa anayenda ndi mapepala abwino.

Mwana wa abwana ali ndi chigalasi chovala kumaso chimene chimamuonetsa dziko lina. Akachivala amamenya nkhonya m'malere, kubwerera m'mbuyo, kukuwa yekhayekha, mpaka tsiku lina anagwetsa vazi ya maluwa. Kwathu mwana akayamba zimenezi timaitana akuluakulu a mpingo. Nditachiyesa, ndinapezeka ndili pansi pa nyanja, nsomba zikudutsa pamphuno. N'zokongola ndithu. Koma nditavula ndinali wouma, wanjala, ndipo panalibe ndiwo. Ana athu amaona zomwezo kwaulere m'mawa uliwonse, n'kubwera nako kampango kunyumba.

Tsopano tikambe za mtengo. Pa 24 Novembala kunali Black Friday, tsiku limene mashopu amati atsitsa mitengo ndipo anthu amafola m'bandakucha kukagula zinthu zimene dzulo lake sankazifuna. Ndinayenda ku China Mall ndi ku Dragon City cha ku Fordsburg, kumene a Malawi anzathu amakaoda katundu, ndipo maso anga anakhuta: agalu a mabatire ogwedeza mchira, zidole zoyankhula Chingerezi kuposa aphunzitsi, magalimoto a rimoti okwera khoma. Koma PlayStation 5 yatsopano imapitirira R10,000. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa chaka chino ndi R25.42 pa ola. Werengerani nokha: ndi maola pafupifupi 400 ndili chiweramire pa kapinga wa eni, osadya, osalipira lendi, osatumiza ya feteleza. Mwandilembera kuti poti Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mwezi wathawu ndiye kuti randi yanga yanenepa. Yanenepa ikafika kumeneko. Kuno idakali yowonda, ndipo ikamadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Dedza, aliyense amaigwirako pang'ono.

Vuto lalikulu si kugula ayi. Walira mvula walira matope. Chidole chilichonse cha kuno chili ndi pakamwa. China chimadya magetsi, china bandulo ya intaneti, china mabatire, ndipo china chimafuna zonse zitatu pamodzi ndi TV yaikulu. Mukalandira PlayStation ndiye kuti mwalandira mlendo amene sadya nsima koma bajeti yake imaposa ya ana atatu. Hoverboard imafuna simenti yosalala. Pa mchenga wa ku Chipoka idzayenda mikono iwiri, kenako mzime adzaisenza pamutu kubwerera nayo kunyumba.

Za drone ndiye ndalingalira kwambiri. Kuno lamulo limaletsa kuiulutsa pa mtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pabwalo la ndege, kapena mamita 50 kuchokera pamene pali anthu. Ku Chipoka mamita 50 opanda munthu mudzawapeza kuti, poti ana a mudzi wonse adzakhala akuithamangira? Yotchipa imauluka mphindi zochepa chabe batire n'kutha, ndipo mwera ukadzaomba mu Juni mudzakaitola ku Nkhotakota. Komanso usiku imaphethira timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Agogo ena akadzaiona ikudutsa pamwamba pa denga lawo, m'mawa mwake inu mwini mbumba mudzakhala muli pabwalo la amfumu kufotokoza kuti ndege imeneyo si ya lichero. Ine ndidzakhala ndili kuno.

Makina anu oonera nsomba ndawafunsa. Amatumiza kamawu pansi pa madzi, kamawuko kakagunda chinthu kamabwerera, ndipo pa galasi pamaoneka kuya kwa madzi ndi pamene pali gulu la nsomba. Ndi nzeru zabwino. Koma amaonetsa nsomba zimene zilipo, salenga zatsopano. Chambo chimene tinkadya tili ana chinachepa chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kupha nsomba pa nyengo yoswana, ngati inoyi imene nyanja amaitseka. Anzathu a ku Mbenji, kwa mfumu Makanjira, amatseka chilumba chawo miyezi ingapo chaka chilichonse, ndipo akatsegula nsomba amazipeza popanda kompyuta. Komanso siginala wanu uja amadziwa pamene pali usipa pongoyang'ana madzi ndi mwezi, ndipo safuna kutchaja. Mumuonjezere malipiro, ndi wotchipa kuposa makinawo. Za sipika ya Bluetooth sindiyankha n'komwe. Munthu amene anaulutsa ngongole zanga ndi kafoni kakang'ono sindingamupatse chida chachikulu.

Matenda amenewa si a lero. Agogo anu aja anapita ku migodi pa Wenela, boma lisanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, anabwera ndi wayilesi, galamafoni ndi njinga. Mudzi wonse unkasonkhana pakhonde pawo. Patapita miyezi, mabatire anatha, n'kumawayanika padzuwa kuti mwina alankhulenso pang'ono. Galamafoni inathera kusungiramo mbewu ya mawungu. Chimene chinakhalitsa ndi njinga, chifukwa inkadya mafuta a m'miyendo ndipo aliyense ankatha kuikonza pansi pa mtengo wa mango.

Chaka chino magetsi kuno akhala akuthima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola ambiri. Inde alamu, ku Joni kwenikweni, musamaganize kuti mdima ndi wathu wokha. Akathima, geti la abwana limakana kutseguka, kosesa kaja kamagona pakona, ndipo mwana uja amangoyendayenda m'nyumba kusowa chochita. Tsiku lina anabwera kugadeni atakwinya nkhope, ine n'kutenga mawaya otsala pa mpanda ndi zitsekerero za mabotolo, kumupangira galimoto ya mawaya ya chiwongolero chachitali. Anaithamangitsa mpaka dzuwa kulowa. Magetsi atayaka sanalowe m'nyumba. Mawa lake anabwera ndi anzake awiri, aliyense akufuna yake. Ku Rosebank alendo ochokera kunja amagula magalimoto oterewa pa mtengo woti inu mutaumva mukhoza kugulitsa bwato n'kuyamba kupinda mawaya. Ndiye taonani: ana a kuno akulirira chimene ana athu amapanga okha, ana athu akulirira chimene ana a kuno chawatopetsa.

Sindikunena kuti ana athu azingokhalira mawaya ndi mpira wachikulunga. Dziko lapita patsogolo ndipo iwonso apite nalo. Ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madrone mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege tonyamula mankhwala kupita kuzipatala zakutali. Wachisamba ngati akufunadi drone, njira yake ndi imeneyo, ndipo imadutsira pa masamu amene anapeza 31 teremu yatha. William Kamkwamba wa ku Wimbe anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala, mpaka nkhani yake anaipangira filimu mu 2019. Palibe amene anamutumizira katundu kuchokera ku Joni. Chidole chabwino ndi chimene mwana angachimasule, kuona za m'kati, n'kuchimanganso. Chongodina batani chimaphunzitsa chala chimodzi basi.

Tsono m'katoni imene ikubwera ndi kalatayi muli izi. Muli sola yaing'ono ndi batire lake ndi mababu atatu, kuti ana aziwerenga usiku. Dzuwa la ku Salima ndi laulere, ndipo ngati ku Nanjoka akukolola mamegawati 60 kuyambira 2021, ifenso tikololeko patsindwi pathu. Muli power bank ya mlongo wanu, osati yanu. Muli nyali ziwiri za LED zoti siginala azikopera usipa, zimenezo ndiye zanu, musiye kulira. Muli galimoto ya rimoti imene mwana wa abwana anaitaya chifukwa wilo limodzi linasiya kuzungulira, pamodzi ndi masikuludiraiva, pulayala, timamota tiwiri ndi mawaya. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, choncho mzime ndamuikiramo kagalu ka mabatire kotchipa kuti aone yekha kutalika kwa moyo wake.

Wonyamula katunduyu ndamulipira kale zonse, mpaka za pachipata. Akatsika Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti adzakuimbirani, mukamudikire pamsewu wa M5. Akakuuzani kuti pali ina yoonjezera, mumupatse usipa.

Pempho langa ndi limodzi. Galimoto ya rimotiyo musaiike pamwamba pa kabati n'kuiphimba ndi kansalu kuti alendo aziiona. Apatseni ana aimasule, ndipo sikuludiraiva yoyamba mupatse mtsikanayo, chifukwa ndi amene anakonza wayilesi ya apongozi chaka chatha inu mutalephera. Akaiononga musawakalipire. Akaiyendetsa, mundijambulire kavidiyo, ndipo bandulo yake ndilipira ine.

Mupereke moni kwa apongozi, kwa anyamata onse a pabwato, ndi kwa amayi ogula usipa aja. Muwauze kuti ngongole ija ndinabweza.

Ndine mlamu wanu,
Mkamwini wa ku Joni.