Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Pusi ndi Zidole za ku Joni

Mwana wa mlongo wanga anafika kuchokera ku Joni mwezi wa Disembala. Tinakamulandira pasiteji pa Mitundu tili anthu asanu ndi njinga ziwiri za kabaza, poganiza kuti katundu achuluka. Anzake amabwera ndi mabulangete onenepa aja, sola yoyatsira nyali, kapena wailesi yolira ngati chigayo. Iye anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi ndi bokosi limene analifungatira ngati khanda. Atalitsekula pakhonde, tonse tinasuzumira n'kuona tianthu tapulasitiki, totuwa ngati phulusa, tina topanda mitu, tina manja ali paokha.

"Kodi zimenezi ndi zimene unapitira?" anafunsa amayi, agogo ake.

"Ndi masewera, agogo. Amasewera ndi akuluakulu, a ndevu zawo."

Amayi sanayankhe. Anangoyang'ana ine, popeza kwathu kuno mwana akasokonekera mlandu umagwera atsibweni ake.

Masewerawo dzina lake ndi Marvel: Crisis Protocol. Anawatulutsa mu 2019 ndi a kampani ya ku America yotchedwa Atomic Mass Games. M'bokosi loyamba muli zidole khumi: Captain America, Iron Man, Spider-Man, Black Widow ndi Captain Marvel, kenako adani awo Red Skull, Ultron, Baron Zemo, Doctor Octopus ndi Crossbones. Zidolezo amakugulitsa zili zidutswazidutswa. Kumata umamata wekha ndi guluu, kupenta umapenta wekha ndi kaburashi kochepa ngati nthenga ya mpheta. Tangoganizani kalipentala wa pa Nathenje mwamulipira ndalama zonse za mpando, iye n'kukupatsani matabwa ndi misomali, amvekere mukakhome nokha. Azungu zimenezi amazikonda, ndipo amalipira akumwetulira.

Mukamaliza kumata, mumayala timanyumba ndi timagalimoto patebulo, kuponya madayisi a mbali zisanu ndi zitatu, ziphonazo n'kumagendana ndi magalimoto omwewo. Woyamba kufika pa mapointi 16 wapambana, apo ayi mumawerengera pakatha magawo asanu ndi limodzi. Zonsezi mphwanga anazifotokoza bwinobwino, ndipo ine ndinati tiyeni tiyambe. Apa m'pamene panali mfundo.

"Atsibweni, sitingayambe. Sindinasankhe gulu."

Ziphonazi zili ndi magulu, ngati zipani. Pali a Avengers, amene ndi ambiri ndipo aliyense amawadziwa. Pali a X-Men, obadwa ndi mphamvu zachilendo, amene anthu amawaopa ndi kuwasala; amayi atamva zimenezi anati kwathu kuno oterewo akanafika nawo kale kwa mfumu. Pali a Wakanda, dziko longopeka la mu Africa muno, lotsogozedwa ndi Black Panther, amene Stan Lee ndi Jack Kirby anamujambula koyamba mu 1966, chaka chomwe dziko lathu linasanduka Republic. Pali a Cabal, gulu la zigawenga la Red Skull. Alipo enanso ambiri, ndipo gulu lililonse lili ndi timabokosi take togula padera. Mphwanga anali atagulako apa kamodzi, apo tiwiri, ngati munthu wolawa mowa wamasese pamsika wopanda cholinga chogula chipanda.

Lolemba anadzuka ali wa Wakanda. Anati munthu wa mu Africa sangasiye kwawo, ndipo mufilimu ya 2018 ija anthu a ku Wakanda amalankhula Chixhosa, chimene iye amachimvako ku Joni. Lachiwiri anakumbukira kuti Hulk ali ku Avengers, ndipo Hulk akakwiya amanyamula galimoto ngati dengu la tomato. Lachitatu anagwidwa chisoni ndi a X-Men, ati akudziwa mmene zimawawira kukhala m'dziko limene eni ake amakuyang'ana ndi diso lofiira. Pamenepo sindinaseke. Koma Lachinayi anabwera ndi nzeru yakuti zigawenga ndi zimene zili ndi zida zabwino, ndipo ndinaona kuti nthawi ya mwambi yakwana.

"Mphwanga, ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa pusi wake sanagwe ndi njala. Anagwa ndi mwayi. Mtengo unabala mbali zonse, dzanja lina linagwira chipatso ichi, lina linatambasukira icho, phazi linalakalaka cha uko, mpaka panalibe chiwalo chotsala chogwira nthambi. Komabe ndikaganiza bwino, makolo amene anapeka mwambiwu anaupekera ife, chifukwa iwo analibe zambiri zowagwetsa. Ngakhale ine ndakula wailesi ili imodzi, MBC, ndipo ukatopa nayo chosankha chinali kuitseka. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Chipani chinali chimodzi kufikira pa 14 Juni 1993, pamene anatiikira nyali uku, tambala wakuda uku, n'kuti sankhani. Zinthu ziwiri zokha, koma anthu ena anatuluka thukuta m'kachipinda kovotera. Lero mwana wa sitandade 5 ali ndi ngwazi makumi asanu zoti asankhepo asanadye phala.

Taonani bawo. Pansi pa mtengo uliwonse wa mthunzi pa Mitundu kapena pa Nathenje mupeza madoda atazungulira thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64. Mbali yako ndi ya mnzako n'zofanana ndendende. Palibe nkhomo youluka, palibe nkhomo yovala chitsulo, palibe nkhomo imene inalumidwa ndi kangaude ili yaing'ono. Umakhala pansi, kutakata, kudya kapena kudyedwa. Ukagonja sungaloze china koma mutu wako, n'chifukwa chake wogonja pa bawo amadzuka mwakachetechete n'kunena kuti akukaona mbuzi. Masewera a mphwangawa ndi achifundo. Ukagonja umati gulu ili ndi lofooka, ndikanatenga lija. Ndipo usanayambe n'komwe kusewera, magulu onse ndi ako ndipo sunagonjepo. Ndikuganiza kuti apa m'pamene panagona kukoma kwenikweni kumene kunamugwira mnyamatayu: pusi akadali m'malere, asanafike pansi, zipatso zonse zimakhala zake.

Ifenso tinali ndi zidole, musatione chonchi. Tinkaumba ng'ombe zadothi kudambo tikudyetsa ziweto, kuziumika padzuwa, n'kuzigundanitsa mpaka ina itathyoka nyanga. Koma ng'ombe yako inali imene waumba wekha. Ikakhala ya miyendo yopotoka, inali yako ndithu, ndipo unkaiikira kumbuyo ngati mlongo wako.

Ndinali ndikadali pakati pa ulaliki umenewu pamene mayi a kunyumba anatulukira ndi lichero m'manja.

"Inu bambo, mukunena mwanayu? Nanga malaya a buluu aja munagula chaka chatha chija ndi a timu iti?"

Pamafunika kuvomera. Ine ndinabadwa wa Maule. Bullets itatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, mawu anga ankamveka mpaka kuseri kwa phiri la Bunda. Koma mu 2024 chikho chitapita kwa Silver Strikers, ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti ndine munthu wa ku Lilongwe, ndipo si bwino kusapota timu ya ku Blantyre ngati kuti kwanu kulibe anyamata. Ndinagula malayawo pa kaunjika. Ofiira aja sindinataye, ali pansi pa sutikesi, akudikira nyengo. Chokhacho chimene sindinachitepo ndi kupita kwa Neba, timu ya Wanderers, ngakhale a mbiri amati Bullets yomweyo inabadwa mu 1967 kuchokera kwa osewera amene anachoka ku Wanderers. Ndiye kuti ngakhale timu imene ndimalumbirira inayamba ndi anthu odumpha nthambi.

Foni yanga ili ndi malaini awiri, ya mayi a kunyumba chimodzimodzi, ndipo timasintha malinga ndi kumene bandulo yatsika mtengo sabata imeneyo. M'mudzi mwathu muli mabanja amene m'sutikesi mwawo muli nsalu yachikasu, yabuluu, yaolenji, yofiira ndi ya tambala, zonse zochapa bwino ndi zopinda, poti sudziwa amene abwere pabwalo la sukulu Loweruka likudzali. Amenewa sindiwadzudzula. Nsalu ndi nsalu, imaberekera mwana mosayang'ana nkhope imene yajambulidwapo.

Chimene chimandisokoneza n'chakuti apusi a masiku ano sakugwa. Malamulo oyendetsera dziko lino ali ndi gawo 65, lonena za phungu wochoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china m'Nyumba ya Malamulo. Gawolo lilipo ndithu, lolembedwa bwino. Koma tinaona mu 2005, Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, mmene anthu anasamukira. Tinaonanso mu Epulo 2012, Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko, mmene mtundu wa olenji wa chipani chake unachulukira mumzinda wa Lilongwe sabata imodzi yokha, ngati nyengo ya manachesi yafika msanga. Pusi wamakono amadumpha akuyang'ana kumene kwapsa zipatso, ndipo pansi pamakhala pali kale matiresi. Wogwa chagada amakhala uja anatsalira panthambi youma chifukwa cha kukhulupirika.

Ngakhale masewera a mphwangawa amadziwa zimenezi. Black Panther ndi mfumu ya Wakanda, koma pamndandanda wa Avengers dzina lake liliponso. Pusi wa chiphaso. Ndipo ukhoza kubwereka chiphona cha gulu lina n'kuchiika m'gulu lako popanda wokuimba mlandu. Lamulo ndi limodzi lokha: kuti mtsogoleri agwiritse ntchito mphamvu zake za utsogoleri, zidole zoposa theka mwa zimene waika patebulo zikhale za gulu lake. Theka lenileni silikwana.

"Tabwereza," ndinatero.

"Zoposa theka, atsibweni."

"Ndiye kuti 50+1?"

Ife tinachita kukhala pa wailesi tsiku lonse pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu akuwerenga chigamulo cha mlandu wa zisankho kuyambira m'mawa mpaka mdima, kuti timve zimene tizidole tapulasitiki tinkadziwa kale mu 2019.

Pa anthu onse a pakhomo pathu, amene anasankha mosavuta ndi amayi. Mvula inali itachedwa, chimanga chobzala ndi mvula yoyamba chikufota m'mizere, ndipo iwo ankangoyang'ana kumwamba cha ku Dzalanyama. Tsiku lina anakhala pamkeka n'kuyamba kufunsa mdzukulu wawo ntchito ya chidole chilichonse, monga amafunsira mkamwini watsopano.

"Uyu amatani?"

"Amaponya chishango, agogo."

"Nanga uyu?"

"Amakwera makoma."

"Buluzi amakweranso. Uyu mukuti adzakhala wobiriwirayu?"

"Amaphwanya zinthu akakwiya."

"Oterewo tili nawo kale kumowa. Nanga mayi uyu wa tsitsi lalitali?"

"Ameneyo ndi Storm, wa X-Men. Mayi ake anali a ku Kenya. Amaitana mphepo, mphezi ndi mvula."

Amayi anakhala tsonga. "Mvula? Ndiye mwakhala mukuvutikiranji masiku onsewa? Gulu ndi la mayi ameneyu. Enawa ndi alendo odzadya." Anatikumbutsa kuti kale makolo ankapempha mvula paphiri la Bunda, ndipo kuitana mvula sinali ntchito yopatsa munthu wamba. Anamutenga Storm, wotuwa, wosapenta, n'kukamuimika pawindo la chipinda chawo.

Tsiku lotsatira Khirisimasi ndinamukakamiza mphwanga kuti tisewere basi, zivute zitani. Tinatulutsa tebulo lodyera n'kuliika pansi pa mtengo wa mango. Pofuna kumuonetsa mmene mwamuna amasankhira, ndinamenya patebulo n'kunena kuti ine ndine wa Wakanda, lero, mawa ndi mkuja. Iye anatenga Avengers, nkhope ili yokayika. Tinayala timagalimoto. Kenako anatulutsa Hulk m'kabokosi kake n'kumuimika kutsogolo kwanga, chimunthu chachikulu kuposa anzake onse, zibakera ngati maungu.

Ndinamuyang'ana Hulk. Ndinayang'ana anthu anga.

"Mphwanga, paja unati Black Panther ali konsekonse?"

"Eya, atsibweni."

"Ndiye ngati mfumu yanga ili kale kumeneko, ine kutsala kuno ndikudikira chiyani? Tasinthana."

"Gawo 65, atsibweni."

"Limenelo siligwira ntchito msanga. Bweretsa wobiriwirayo."

Tikukanganabe choncho, dayisi ngakhale imodzi isanaponyedwe, kunachita mdima cha ku Dzalanyama, mphepo inanyamula timakhadi tonse n'kukatimwaza m'munda wa fodya, ndipo mvula inagwa yoti ana anavula malaya n'kumathamanga pabwalo. Tinatola zimene tinatha kutola. Captain America anapezeka m'mawa mwake m'ngalande, chishango chili m'matope. Amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno, osanena kanthu, akungoyang'ana ife kenako pawindo lawo.

Mphwanga anabwerera ku Joni pa 3 Januwale, bokosi lili m'manja, Storm mulibe. Anayesa kupempha, amvekere gulu la X-Men silikwana popanda iye, koma agogo ake anati abwere adzamutenge tikakolola. Sabata yatha wanditumizira uthenga pa WhatsApp, pa laini yanga yachiwiri ija.

"Atsibweni, ndatsala pang'ono kusankha. Kungoti kwatuluka bokosi lina."