Kudzala mtengo osagwira khasu

Masiku ano munthu akhoza kudzala mtengo ali chigonere pabedi, foni kumanja. Mu 2019 MrBeast ndi Mark Rober, anyamata otchuka pa YouTube, adapempha anthu kuti asonkhe madola 20 miliyoni, dola imodzi mtengo umodzi, ndipo chaka chisanathe ndalamazo zidakwana. Nayo Ecosia ya ku Berlin imati muzingofufuza zinthu pa intaneti kudzera kwa iwo, phindu la otsatsa malonda ligule mbande. Makampani ndiye akondwa zedi: alipira ndalama zodzalira mitengo, alandira satifiketi, aikoloweka pakhoma, utsi nkumapitirira kufuka ku fakitale.

Sindikunyoza, mitengo ina imadzalidwadi. Chondivuta ndi mbuzi. Mbuzi siwerenga satifiketi, ndipo mbande yolipiridwa ku London imaikomera chimodzimodzi ngati ya agogo kuseri kwa nyumba. Ifenso kuno timadziwa: nyengo ya dzinja anduna amagwada atavala suti, nkukwirira kambande pamaso pa makamera, ndipo chiwerengero cha mbande zodzalidwa chimalengezedwa tsiku lomwelo. Pofika Okutobala, moto wa osaka mbewa utadutsa, palibe amene amabwera ndi kope kudzawerenganso.